Chaka Chimene Ndinakazinga Soya

Kwathu kumbali za Minga soya tinayamba kulima kale ndithu, koma kudya iyai. Tinali kulima, kuzula, kumenya ndi ndodo, kupeta, kuthila m'masaka, basi mavenda abwela ndi masikelo awo n'kunyamula. Ndikafunsa amuna anga kuti kodi soya yenseyu amapita kuti, anali kuyankha kuti, "Ku Lusaka, kukanenepetsa nkhuku za anthu olemela." Ndiye kwa ine soya anali ngati thonje, chinthu cholima kuti chichoke pakhomo. Kum'ika mumphika sindinaganizepo n'kamodzi komwe.

Chaka chimene ndikunenachi, mwana wanga woyamba, kamtsikana, anali atangoyamba kuyenda pamene ndinazindikila kuti ndaimanso. Kwathu zikatelo sipakhala zokambilana. Mwana amaleka bele tsiku lomwelo, ati mkaka wa munthu wapakati umadwalitsa. Ndinam'letsa. Analila mpaka mau kusasa, kenako n'kumangondiyang'ana. Phala ndinali kum'phikila ndithu, la ufa woyela mbee, wokonola ndekha, woviika ndekha, chifukwa pa nkhani ya ufa palibe mkazi amene anali kundiposa pamudzi paja. Koma mwana anali kungomeza masipuni awili atatu n'kutembenuza mutu. Timiyendo tinayamba kuonda, tsitsi n'kuyamba kufiila.

Tsiku la sikelo anesi anabwela pasukulu monga mwa nthawi zonse. Atam'pachika mwana pa sikelo anam'zunguliza kalamba kopimila mkono, kaja ka mitundu itatu.

"Amai, taonani apa," anatelo anesiwo. "Pobiliwila ndiye pabwino. Pofiila ndi pogonekedwa m'chipatala. Wanuyu ali pachikasu. Mumam'patsa chiani?"

"Phala."

"La chiani?"

"La ufa woyela. Nanga mwana n'kum'patsa gaga ngati nkhumba?"

Anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka pamimba. Ananena kuti bele ndikanatha kupitiliza ngakhale ndili ndi pakati, koma poti mkaka unali utauma kale, za m'mbuyo tizisiye. Kenako anafunsa ngati timalima soya. Ndinati masaka ali mbwee pakhonde. "Ndiye mwana akuonda atatsamila thumba la soya? Tengani soya pang'ono, musakanize ndi chimanga chosakonola, mukagayitse, muzim'phikila phala." Pomwepo mwana wina anayamba kusanza pamzele, anesi n'kuthamangila komweko. Ine manyazi anali atandigwila kale, azimai onse akundiyang'ana, ndiye ndinangobeleka mwana wanga n'kunyamuka.

Nkhani siyenda pansi. Dzuwa lisanalowe mawa lake, foni inalila. Anali amai anga ku Nyimba. Amai amagulitsa nthochi pamseu waukulu, pamene mabasi a ku Lusaka amaima, ndipo mau awo ndi oti amalowa pawindo la basi injini ikulila. Pafoni salankhula mosiyana.

"Iwe! Ndamva zonse. Mwanayo akupsa ndi mimba yakoyo. Ukumagona naye pamphasa imodzi, eti? Mphepo ikangotha ndikubwela kudzam'tenga. Adzaleledwa kuno kwa ine."

 Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo ambuye ake akati ndim'tenga, bambo wake alibe pakamwa. Komanso mwana wotengedwa chotele sabwela msanga. Ndinawaonapo ana otelo: amabwela mano onse atamela, n'kumaitana mai wawo dzina ngati mkulu wawo, akagwa n'kumalilila ambuye. Ine wanga ameneyo, woyamba, azikandiyang'ana ngati mlendo? Iyai!

"Amai, nanga mukadzam'peza wanenepa?"

"Anenepa ndi chiani?"

"Ndafunsa kuti mukadzam'peza wanenepa."

"Ndikadzam'peza wanenepa ndidzabwelela ndekha. Koma ku sikelo tidzapita tonse, ndikaone ndi maso angawa. Za pakamwa pako sindizifuna."

Nditatseka foni ndinapita molunjika pakhonde ndi tini m'manja. Amuna anga anali kusoka masaka. Ndinati ndikufuna tini imodzi ya soya. Anafunsa ngati ndayamba kuweta nkhuku zachizungu. Ndinawauza kuti nkhuku yake ndi mwana wawo yemweyu, ndipo akapitiliza nthabwala akamuona pa Khilisimasi pokha ku Nyimba. Anamasula thumba.

Tsono tamvani. Munthu wakula akudziwa kuti mbeu yolimba, ukafuna ufa wabwino, umaviika. Chimanga timaviika, chinangwa timaviika. Nanga soya, wolimba ngati timiyala, ndikanam'tani? Ndinam'thila mumtsuko, madzi a pachitsime pamwamba, n'kuvundikila bwinobwino monga ndimachitila ndi mphale. Nditavuula anali atatupa, akutelela, akununkha mwamtundu wina, koma ndinati mphale nayonso imanunkha ikamavuulidwa, dzuwa lidzakonza. Ndinayanika pamphasa, atauma ndinasakaniza ndi chimanga, ulendo ku chigayo, mtima uli m'mwamba ndi chimwemwe.

Mayo ine! Makina atangoyamba kumeza, fungo linatuluka loti aliyense pamzele anagwila mphuno. Silinali fungo la chinthu chowola kwenikweni, koma la nyemba zaziwisi zosakanizika ndi utoto wopaka nyumba. Ndinanyamula ufa wanga mwaulemu n'kuchoka. Chimene sindinaganize n'chakuti chigayo sichitulutsa zonse. Ufa wa munthu wapatsogolo umatsalila m'kati, n'kudzatulukila m'thumba la wotsatila. Wotsatila ine anali mai wina wa kutsidya kwa dambo, amene anali kugayitsa ufa wa ukwati wa mwana wake. Madzulo anafika pakhomo panga ndi mbale ya ufa m'manja, chitenje atamanga m'chiuno ngati akupita kukalima.

"Tanunkhizani! Apongozi anga adye zimenezi?"

Ndinanunkhiza, ndipo kunena zoona fungo linali lomwe lija. Ndinawapatsa ufa wanga woyela wonse umene unali m'nyumba. Mawa lake bambo wa pachigayo anatumiza mau akuti soya wanga asadzapondenso pakhomo pake.

Phala ndinaphikabe, nanga ndikanataya? Mwana anangolawa kamodzi, nkhope n'kukwinyika, n'kundilavulila pachifuwa. Ndinalawa ndekha: kuwawa, kukhakhala pakhosi, fungo kukwela m'mphuno. Ufa wonse unathela kwa nkhumba, ndipo ndi zokhazo zimene zinayamikila. Amuna anga ali pampando anati, "Safunsa anadya phula." Tsiku limenelo anadya ndiwo zopanda mchele, ndipo sikunali kuiwala.

Ndinalila, anthuni. Mphepo ya Juni inali itafika pachimake, kutanthauza kuti yayamba ulendo wotha, ndipo mwana anali chimodzimodzi. Foni ikalila ndinali kungoti ndi amai.

Tsiku lina masana ndinali kusesa pabwalo pamene amuna anga anamenyela mulu womaliza. Ndinaunjika makoko ndi mitengo ya soya n'kuyatsa moto kuti pakhomo payele. Moto utayamba kuzilala ndinamva tha! tha! m'phulusa, kenako kafungo. Ndinaima ndi tsache m'manja. Ndani akukazinga nshawa masana ano? Ndinayang'ana kwa aneba, kulibe utsi. Fungo linali kuchokela pamoto wanga womwewo. Ndinafukula ndi kamtengo, n'kupeza soya amene anatsalila m'makoko, atafiila, ena atang'ambika pakati. Ndinatola mmodzi, kupemelela, kuponya m'kamwa. Lilime linapsa koma sindinalavule. Kukoma! Kukhukhuluka pamano ngati nshawa, kuwawa kuja kulibe, fungo lija kulibe!

Ndinakuwa ngati ndaona njoka. Amuna anga anatuluka kuseli ndi khasu m'manja. Ndinawathila soya wamoto m'dzanja. "Idyani! Idyani, inu bambo, musandifunse!" Anatafuna, nsidze n'kukwela. Anagwada okha n'kuyamba kufukula phulusa, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

Ulendo uno phula sindinafune kudyanso. M'mawa ndinabeleka mwana, mimba patsogolo, mpaka ku kachipatala kumene anesi aja amakhala, osadikila tsiku la sikelo. Nditawafotokozela za mtsuko anaseka mpaka kugwila tebulo, kenako anapepesa kuti tsiku lija sanamalize kundiuza. Anati soya wamuwisi sagwilizana ndi madzi ozizila, ndiwo amadzutsa fungo lija. Ukafuna kum'phika umam'ponya wouma m'madzi owila kale. Ukafuna ufa umakazinga wouma pamoto wofatsa mpaka apse ndi m'kati momwe, chifukwa wosapsa amavuta m'mimba. Ndinawafunsa mafunso mpaka anthu apamzele anayamba kudandaula.

Pobwelela sindinamve kutalika kwa njila. Ndinapeza amuna anga atasoka kale masaka onse, mavenda akubwela mawa lake. Ndinatenga mpeni n'kudula ulusi wa thumba limodzi, iwo akuona. Sindinatenge tini, ndinakoka thumba lonse mpaka kuchipinda. Anati, "Amai a mwana, thumba lonse?" Ndinati, "Lonse. Nkhuku za ku Lusaka zidye otsalawo."

Kukazinga nako kuli ndi nzelu zake. Chiwaya choyamba ndinasonkhezela moto wa malawi chifukwa cha changu, soya n'kuda bii kunja, m'kati ali mbuu. Chachiwili ndinadikila nkhuni zisanduke makala, ndinathila soya wochepa, n'kumatakasa ndi mthiko osaleka, dzanja likatopa kusintha linzake. Amayamba kulila tha, tha, khungu n'kung'ambika. Ukatola mmodzi n'kuluma, akagawanika pakati ali wofiilila mpaka m'kati, wapsa. Atazizila ndinam'sinja pang'onopang'ono mumtondo, kungoti makoko achoke, n'kupeta. Pakhomo ponse panali kununkhila, mpaka anthu odutsa m'njila anali kutembenuka.

Chinatsala ndi chigayo. Ndinapita madzulo ndithu, n'kukhala pambali mpaka wotsiliza atagayitsa. Bambo wa pachigayo atangondiona anayamba kugwedeza mutu.

"Amai, ndinanena kale."

"Munanena, bambo, ndipo simunalakwe. Koma pambuyo panga palibe munthu. Tatsegulani dzanja."

Ndinawathila soya wokazinga wothila kamchele. Anayang'ana, kununkhiza, kutafuna mmodzi, kenako onse pamodzi. Anafunsa kawili ngati ndi soya yemwe uja. Anati chabwino, koma akamva kafungo ngakhale pang'ono, sefa nditsuka ndine. Makina atalila, ufa unayamba kutuluka wofiilila ngati mchenga wa mumtsinje, ndipo nyumba yonse ya chigayo inadzaza fungo ngati muli kuphikidwa zitumbuwa. Bamboyo anaika dzanja kukamwa kwa thumba, kutapa, kunyambita. Ine ndinali kungodumphadumpha pamalo amodzi, kuiwala kuti ndine munthu wapakati.

M'mawa mwake ndinaphika. Nshawa ndinasinja padela mumtondo, chifukwa anesi anandichenjeza kuti mafuta ake amatseka sefa ya chigayo, ndipo mlandu wachiwili ndi bambo uja sindinaufune. Ndinathila nsinjilozo phala litawila, n'kulisiya libwate nthawi yaitali. Ndinam'khazika mwana pamwendo. Sipuni yoyamba anailandila mokayika, n'kuisunga m'kamwa akundiyang'ana. Anameza. Kenako anatsegula pakamwa yekha. Yekha! Ndinam'patsa yachiwili, yachitatu, ndikachedwa kupemelela n'kumandikoka dzanja. Mbale inayela. Ndinaimba nthungululu m'khitchini ndili ndekha, nkhuku n'kubalalika pabwalo.

Kuyambila pamenepo ndinapenga nalo phala. Lelo ndithilamo tinsomba ta kapenta tosinja, mawa masamba a chibwabwa ouma amene ndinafutsa nthawi ya dzinja, osinja n'kusefa, tsiku lina nthochi yakupsa. Zina anali kukana, zambili anali kumeza. Ndinaphunzila kugayitsa pang'onopang'ono, chifukwa ufa wa soya ukakhalitsa umayamba kununkha mafuta, pamene wokazinga wosagaya amakhala bwinobwino m'chigubu chotseka. M'mawa uliwonse ndinali kum'tsina mwana pamkono kuona ngati mnofu wabwela, mpaka amuna anga anati ndidzam'maliza ndi zala. Mwana anayamba kuthamangitsa anapiye. Anayamba kukuwa, kulanda zinthu, kuvuta. Sindinakondwepo ndi mwana wovuta ngati mmene ndinakondwela masiku amenewo.

Azimai anzanga anayamba kubwela okha, kutsata fungo. Woyamba anali mai wa ukwati uja, ati adzaone ngati n'zoona zimene akumva ku chigayo. Analawa phala la mwana, n'kupempha chiwaya. Posakhalitsa masana tinali kukhala anthu angapo pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi mbaula yake ndi mthiko, kutakasa uku tikunena amuna athu. Tinali kudabwa tokha kuti zaka zonsezi mathilaki akhala akutuluka m'mudzi muno atadzaza chakudya, ife n'kumafika Januwale ana akudya phala lamadzi. Chaka chimenecho nyumba zingapo zinabisa soya kuchipinda mavenda asanamalize kugula, ndipo amuna ena anandida nazo. Ndinalibe nazo ntchito.

Mphepo inatha. Amai anafika madzulo, tsiku la sikelo lili mawa lake, mkoko wa nthochi pamutu. Mwana anali kusewela pakhomo. Anam'nyamula, kum'tembenuza uku ndi uku, kum'kweza m'mwamba. Ine ndili pambali, kuwayang'ana.

"Mwamuona bwanji, amai?"

"Zovala zimanamiza. Tikaona mailo ku sikelo."

M'mawa ataona phala anakuwa. "Iwe, mdzukulu wanga ukum'dyetsa dothi?" Ndinawapatsa sipuni. Analawa, kutafuna pakamwa popanda kanthu, kulawanso. Anafunsa kuti muli chiani. Nditati soya anati ndisawaseweletse, iwo si mwana. Mbale ya mwana itatha anapita okha kukakokota mumphika.

Popita ku sikelo anam'beleka okha, ati ine ndingam'tenthe. Ndinali kuyenda pambuyo pawo, kuyang'ana kamutu ka mwana wanga kakugwedezeka pamsana pa amai, n'kumaganiza kuti mwina umu ndi mmene adzachokele.  Nthawi yathu itakwana anesi anam'pachika pa sikelo, n'kumwetulila. Anatenga kalamba kaja, kuzunguliza pamkono, kukoka. Amai anawelama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda mwana.

"Pobiliwila," anatelo anesi. "Ambuye, mwaona? Pobiliwila."

Ine sindikudziwa kuti ndinaimilila bwanji. Ndinangozipeza ndili pakati pa bwalo la sukulu, chitenje m'manja, ndikuvina ndi chimimba changa, nthungululu ili pakamwa, azimai akuomba m'manja, ana a sukulu atasuzumila m'mawindo. Wakhala! Mwana wanga wakhala!

Amai anali asanagonje. "Anesi, tayesani mkono winawo."

Anthu anafa nazo nseko. Anesi anati timapima umodzi, koma poti ambuye avutika kuchokela ku Nyimba, abwele nawo. Anazunguliza, kukoka. Pobiliwila. Apo amai anaimilila, kuika dzanja pakamwa, n'kutulutsa nthungululu ya pamseu wa mabasi, yoti yanga inamveka ngati ya mwana. Anazungulila bwalo lonse ndi mdzukulu wawo m'mwamba, kuuza aliyense kuti mwana wawo ndi amene wachita zimenezi, ndi manja ake, ndipo nzelu anatengela kwa iwo.

Masana ndinawapelekeza ku mseu. Anaumilila kum'belekanso mwana mpaka kokwelela, ndipo njila yonse anali kum'imbila. Minibasi itaoneka patali anayamba kumasula chitenje, pang'onopang'ono, ngati mfundo yavuta. Anam'tsitsa, kum'pukuta kumaso ndi chala, n'kundipatsa.

"Ndinali nditagula kale kamatilesi," anatelo, maso ali ku minibasi. Mau anali otsika, oti sindinawamvepo. "Ndinakayala pafupi ndi bedi langa. Chimwalilile atate ako, m'nyumba muja ndikaweluka kumseu mumangoti zii."

 Miyezi yonse ija ndinali kulimbana ndi amai ngati ndikulimbana ndi wakuba, osaganizako kuti madzulo amadya okha. Kondakitala anali kumenya chitseko. Amai anakwela, n'kukhala pawindo. Mwana atawaona m'kati anatambasula manja onse awili, kulila kuti am'tenge, ndipo amai anatulutsa dzanja pawindo.

Ndinawamvela chisoni amai anga, chisoni chenicheni, misozi n'kutsika. Koma mwana ndinam'gwila zolimba mpaka minibasi inapita.